Chotsekera Thanki cha Amalume

Sukulu ndinaisiya ndili Fomu 3, ndipo sindifuna kufunsidwa chifukwa chake. Mayi anga atatopa kundiona ndikungozungulira pakhomo ku Kasungu, ananditumiza kwawo ku Kaporo kuti ndikakhale ndi achimwene awo. Amalumewo anali mlimi wa mpunga. Pakhomo pawo aliyense ankayankhula Chinkhonde, koma ine ankandiyankhula Chichewa, chimene kumeneko amasungira alendo ndi apolisi.

Anali ndi galimoto yakale kuposa ine, yobiriwira, ya mabampa onyezimira, imene anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Zambia. Ntchito yanga inali kuitsuka ndi kuikankha. Petulo tinkagula wa m'zigubu kwa anthu obwera naye kuchokera ku Songwe. Injini za kalekale zimamwa ngati chidakwa, koma amalume sankafuna kumva zimenezo. Kwa iwo mwana wothawa sukulu ndi mbala basi, ndiye petulo akatha msanga ankati ndaba ndine. Anapita kwa wowotcherera zitsulo pamsika n'kukapangitsa chotsekera thanki chatsopano, cha mphira wa chubu m'kati ndi loko kunja. Kiyi wake anamumangirira pa lamba wa buluku.

Matenda anayambira pamenepo, koma palibe anaona. Galimoto inkalira bwinobwino m'mawa. Tinkanyamuka ulendo wa ku boma, kudutsa minda ya mpunga, injini ikuimba. Kenako inkayamba kutsokomola, kugwedezeka, n'kuzima pakati pa msewu. Amalume ankatsika, kutsekula loko, n'kulowetsa kansungwi m'thanki. Petulo ankapezeka alimo. Ankanunkhiza kansungwiko akundiyang'ana, kutseka, kuliza, galimoto n'kudzuka ngati sinadwalepo. Tikayenda pang'ono, zomwezo.

Tsiku lina tili pansi pa mtengo wa mango, anthu a njinga akutidutsa n'kumatiseka, anandiuza maganizo awo.

"Iwe, ndakudziwa. Pamwamba ndatseka, ndiye ukukama pansi, pa paipi. Ukatero ukuthiramo madzi kuti ndisaone."

"Amalume, madziwo ndikuthirira pati? Kiyi ali m'chiuno mwanu."

"Mbala sisowa khomo. Ikapitiriza chonchi, unyamule chikwama chako. Amayi ako ndiwauza ndekha chimene ndakuthamangitsira."

Kuchoka sikunandiopse. Nyumba imeneyo sindinaikondepo. Chimene chinandiwawa ndi chakuti mayi anga, amene ndinali nditawachititsa kale manyazi ndi sukulu, amve kuchokera kwa mlongo wawo kuti anabala wakuba, ndipo akhulupirire. Ndinkadziwa kuti akhulupirira.

Choncho ndinalowa pansi pa galimoto. Sindine makaniko, koma ndinali nditaonererapo m'magalaja. Ndinamasula kabureta n'kuitsuka ndi petulo. Ndinauzira mapaipi onse ndi pampu ya njinga. Fyuluta yosefera mafuta ndinaisintha. Pampu ya mafuta ndinaiyesa ndi dzanja, inkalavula bwino. Thanki ndinaikhuthulira m'beseni amalume ataimirira pamutu panga, kuti aone madzi awowo. Munatuluka tidzimbiri tochepa ndi matope a kusefukira kwa chaka chatha, koma madzi ayi.

"Wawachotsa usiku," anatero.

Akazi awo anali pakhonde akupeta mpunga. Ananena kanthu m'Chinkhonde, ana onse n'kuseka. Sindinamve mawu, koma ndinamva kuti akunena ine.

Mawa lake galimoto inazimanso, dzuwa likuotcha ngati ng'anjo. Nthawi imeneyi ndinatsika nawo n'kuima pafupi pamene ankatsekula loko. Chotsekera chitangosuntha, thanki inapuma, tsiii, ngati munthu amene anamutseka pakamwa. Chitsulo cha pansi pa thankiyo chinalira, pho, kubwerera m'malo mwake. Ndinaima duu. Chotsekera chakale chija, chimene anachitaya, chinali ndi kabowo pakati. Petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa. Chigubu chomwe, ukachizondotsa osasiya polowera mpweya, chimatsamwa. Amalume anali ataitseka galimoto mphuno ndi mphira wawo, ndipo nthawi iliyonse akatsekula kuti andigwire kuba, ankaipatsa mpweya n'kuichiritsa osadziwa.

Ndinawauza pomwepo, mosanyengerera.

"Vuto ndi chotsekera chanuchi. Chikufunika kabowo."

"Kabowo," anatero akuseka. "Koti uzilowetsapo kapaipi kako? Mphwanga, ukanakhala ndi nzeru zimenezi m'kalasi, bwenzi uli ndi setifiketi."

Lamlungu amalume atapita kutchalitchi wapansi, ndinatenga msomali waung'ono ndi hamala n'kuboola chotsekeracho chili chokhoma chomwecho. Kabowo kake nyerere yokha ndiyo ikanalowa.

Sabata yotsatira kunagwa maliro ku Chilumba. Tinanyamula akazi a amalume, azimayi awiri a mpingo ndi thumba la mpunga. Galimoto inadutsa boma, inadutsa Lupembe, osatsokomola ngakhale kamodzi. Pobwera chimodzimodzi. Ndinakhala kumbuyo nditapanikizidwa ndi thumba ndi zigongono za azimayi, ndikudikira kuti munthu wamkuluyu anene mawu amodzi okha. Sindinkafuna zikomo. Ndinkafuna anene kuti analakwitsa.

Titafika pakhomo amalume anazimitsa injini, n'kutembenukira kwa azimayi aja. Anayankhula Chichewa dala kuti ndimve.

"Mwaonatu, amayi. Mbala ukaiopseza, galimoto imachira yokha. Wasiya kuthira madzi, ndi iyi ikuyenda."

Mmodzi wa azimayiwo anandisisita paphewa. "Wachita bwino kulapa, mwanawe."

Ndinatsika, kuwagwira amalume dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kuwakokera kuthanki. Ndinawaloza kabowo kaja. Ndinawauza kuti ndinaboola ndine, tsiku lanji, ndi chifukwa chake. Ndinati ngati akukayika, atseke aone ngati afike ngakhale pamsika.

Anawerama, kuyang'anitsitsa, n'kupalasa ndi chikhadabo.

"Ndiye ukuvomera wekha kuti umagwira zinthu zanga ine kulibe."

"Ndikuvomera kuti ndakonza galimoto yanu."

"Waboola chotsekera changa pamaso pa Mulungu, Lamlungu." Anatembenukira kukhonde. "Tandipatseni sopo."

Mwana anabweretsa kachidutswa ka sopo wochapira. Anakanyowetsa ndi malovu n'kukamata pa kabowo ndi chala chachikulu, mosamala kwambiri. Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza nambala ya mayi anga.

Ndinalowa m'nyumba kukatenga chikwama. Ndikutuluka ndinawamva akupereka moni wautali wa Chinkhonde, kufunsa za ana ndi za mvula, asanafike pa nkhani yanga. Sindinadikire. Ndinayenda kupita kumsewu waukulu, ndipo lole yoyamba ya mpunga imene inaima ndinakwera pamwamba pa matumba. Madzulo ake mayi anandiimbira. Funso lawo loyamba linali lakuti petuloyo ndinkamugulitsa kwa ndani.