Tsiku Limene a Encarna Anasowa Wachiwiri

A Encarna Bermejo anachapa ndi kusita nsalu pa hotela ina ya mu Madrid kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo ankachokera kwathu ku Villalba pa kagalimoto kawo kofiira. Ine Herminia khomo langa linayang'anizana ndi lawo, ndipo ndinkagwira ntchito kukhitchini ya hotela yomweyo. Choncho mpando wakutsogolo unali wanga.

Pakati pa msewu waukulu wolowera mumzinda pali kanjira kotchingidwa ndi timakoma, koyendamo mabasi ndi magalimoto okhawo amene muli anthu awiri kapena kuposa. Ukaphonya polowera, palibenso pokhotera. M'mawa uliwonse tinkadutsamo ngati mphepo, anzathu oyenda okhaokha atathithikana kumbali, a Encarna n'kumawaloza ndi chibwano.

"Taonani mabwana awo. Mipando inayi yopanda munthu, kenako azidandaula kuti msewu ndi wopapatiza."

Anali munthu wa lamulo. Ngakhale thaulo long'ambika la pahotela sanatengepo. Chaka china a Eusebio, okonza mapaipi a m'dera lathu, anayenda khomo ndi khomo ndi pepala loti tisaine, lopempha kuti kanjirako kazitsegulidwa kwa aliyense ikangodutsa nthawi yothamangira kuntchito.

"Mayi, masana m'kanjiramo mumangouluka mapepala," anatero a Eusebio. "Ine ndinyamule ndani? Mapaipi?"

"Nyamulani akazi anu, akaoneko kunja," anayankha a Encarna. "Mukatsegulitsa masana, mawa mudzati titsegule ndi m'mawa womwe. Ndimakudziwani anthu inu."

Sanasaine, ndipo ineyo anandiletsa.

Tonse awiri tinapuma pantchito m'chaka chimodzimodzi. Pasanathe miyezi isanu ndi itatu, amuna awo a Fulgencio anadwala mtima n'kugonekedwa kuchipatala cha mumzinda. A Encarna ankakhala komweko, kunyumba n'kumangobwera kudzasamba ndi kutenga zovala.

Lachitatu lina, cha m'ma 11 koloko m'mawa, anagogoda pakhomo panga makiyi ali m'manja.

"Herminia, tiyeni. Akuchipatala aimba. Mungokhala pampando basi, kuti ndilowe kanjira kaja."

Ndinali nditatereka mphodza, mutu wonse uli ndi mankhwala odetsa tsitsi. Sabata imeneyo anali ataitanidwa kale chonchi kawiri, n'kukapeza a Fulgencio atakhala tsonga, akulimbana ndi anamwino za nyuzipepala.

"Nthawi ino msewu ndi woyera, anzanga," ndinatero. "Tsogolani, ine ndibwera pabasi ndikangotsuka mutuwu."

Anandiyang'ana, n'kutsika masitepe.

Zotsalazi anandiuza kamodzi kokha. Atafika polowera kanjirako anachepetsa liwiro, n'kuyatsa nyali yokhotera. Wapolisi panalibe. Koma ataona chikwangwani chija cha anthu awiri, anazimitsa nyaliyo n'kupitirira mumsewu wa aliyense. Akuti manja anakana okha.

Asanapite patali anapeza magalimoto ataima. Kutsogolo lole yonyamula matailosi inali itagubuduzika n'kutseka msewu wonse. Anakhala pamenepo pafupifupi ola. Kuseri kwa kakhoma kofika m'chiuno, kanjira kaja kanali pululu. Anawerenga zimene zinadutsamo: mabasi atatu ndi magalimoto asanu ndi awiri. Bambo wina wa m'galimoto yoyandikana nayo ankadya buledi wa nyama uku akumvera wailesi. Iwo anaimba kuchipatala kanayi, n'kumangouzidwa kuti, "Fulumirani, mayi."

Anafika a Fulgencio atatsirizika mphindi khumi ndi zisanu zapitazo. Namwino anawauza kuti malemuwo anafunsa kawiri ngati akazi awo akubweretsa magalasi owerengera. Magalasiwo anali m'chikwama.

Patatha mwezi chiikireni maliro, a Eusebio anabweranso ndi pepala latsopano. Ndinamva zonse, pakuti chitseko changa chinali chosatseka.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma nkhani yanuyi ingawagwedeze akuluakulu. Mutailankhula pamsonkhano, kanjira kaja katseguka."

"Amuna anga asanduke chosainitsira mapepala anu?"

"Ndiye mukuti kazikhalabe kotseka?"

"Katsekeni, katseguleni, kaya dzalanimo anyezi. Ine wopita naye ndilibe, kopita ndilibenso."

A Eusebio anapinda pepala lawo n'kumapita. Pakhomo panga sanagogode.

Ine ndinayesa. Ndinkawapititsira msuzi, ankalandira, mbale n'kubweza yotsukatsuka. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kukhala pampando wa m'khitchini mwawo.

"Encarna, ndinalakwa. Ndikanangofunda thaulo kumutu n'kukwera."

"Si inu," anatero, akupukuta kapu youma kale. "Chiwongolero chinali m'manja mwanga. Chindapusa chikanandipha? Zaka zonse zija ndikuseka anthu, ndimati ndine wanzeru, chikhalirecho ndinangokhala ndi munthu wokhala pampando."

Ndinayamba kulira. Iwo sanalire. Anaika kapu ija m'kabati, n'kunena osandiyang'ana, "Koma tsitsi linakukhalani pamaliro paja. Aliyense ananena."

Kagalimoto kaja sanakayendetsenso. Kanakhala panja mpaka matayala anaphwa, kenako mkamwini wawo anadzakatenga. Nyengo yozizira isanayambe, mwana wawo Nuria anabwera kudzawatenga kuti akakhale nawo ku Zamora. Polongedza katundu sanandiitane. M'nyumba mwawo munalowa banja lachinyamata, onse awiri ogwirira ntchito pakompyuta kunyumba, ndipo dzina langa salidziwa.

Ndimawaimbira foni pa Khirisimasi. Amandifunsa ngati kwathu kuno kwagwa mvula, amandifunsa za bondo langa, kenako amati Nuria akuifuna foniyo.