Mkamwini Wogona Masana

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anatchuka mudzi wonse chifukwa cha tulo. Tinkakhala kwawo kwa amayi, kufupi ndi Chiosya, ndipo bambo anali mkamwini wochokera kutsidya kwa malire, ku Zambia. Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, wa zikhatho zolimba ngati chikumba. Mkamwini alibe podalira: mudzi si wake, munda si wake, ngakhale ana amawerengedwa kuchikazi. Chake ndi khasu basi. Bambo ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo kwa zaka zambiri palibe amene anawapezapo chifukwa.

Amayi ankadwala nyamakazi. Ululu unkayambira m'chiuno, kukwera ndi msana, n'kukakhazikika m'mapewa. Masana ankapirira poti ntchito imaiwalitsa, koma akangofika pamphasa thupi lonse linkadzuka. Ankatembenuka uku ndi uku mpaka tambala kulira, m'mawa n'kutuluka maso ali psuu, akugwirira khoma. Munthu wosagona sachedwa kupsa mtima, moti ife ana tinkakalipiridwa ngakhale chifukwa chokoka mapazi poyenda. Panado ndi bufeni ankangomeza ngati mtedza, zina zogula pagolosale, zina kwa amalonda apanjinga ochokera ku Chipata, mpaka m'mimba munayamba kuwotcha. M'nyumba mwathu munkanunkha mafuta otentha opaka pamsana, osakanikirana ndi fungo la fodya wouma.

Tsiku lina bambo anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Adokotala anawaletsa mankhwala ogula m'njira, n'kuwapatsa timapiritsi tating'ono tomwa madzulo okha. Anawauza kuti ululu ndi kusowa tulo zimadyetsana, ukapanda kugona mawa lake thupi limawawa koposa. Amayi anamwa kamodzi, ndipo anagona tulo tofa nato, n'kudzuka mbuzi zitatuluka kale m'khola.

Vuto linali ine. Ndinali ndi mphumu, ndipo m'miyezi yozizira ija chifuwa changa chinkalira ngati kamwana ka mphaka. Amayi ndiwo ankandimva, kundikhazika tsonga ndi kundifukiza nthunzi ya madzi otentha. Tsiku limene anagona bwinolo anandipeza m'mawa nditatsamira khoma, milomo itauma, ndikupuma mobanika, iwo osamva kanthu. Analira kwambiri. Anatsomeka timapiritsi tija kudenga, nati bola ululu.

Bambo sanatsutsane nawo. Madzulo anangotambasula dzanja kudenga, natunga madzi m'kapu.

"Imwani, Nabanda. Mwanayu ndimumvera ndine."

Amayi anaseka, poti tulo ta bambo tinali todziwika. Akangoika mutu pansi, ngakhale denga litasasuka sakanamva. Bambo anayankha kuti n'chifukwa chake sagona n'komwe. Ndipo sankagonadi. Ankakhala pakampando kopanda chotsamira pafupi ndi mphasa yanga, lichero la mtedza lili pamiyendo, akusenda kuti manja asalole maso kutseka. Chaka chimenecho mtedza wathu unatha kusendedwa anthu ena asanayambe.

Kukacha ankapita kumunda ngati wina aliyense, koma dzuwa likafika pamutu ankalowa m'chigafa cha fodya n'kudziponya pachiguduli mpaka litapendeka. Tsoka lake, chigafa chilibe makoma. Aliyense wopita kuchitsime ankaona mapazi a mkamwini ali poyera, mkonono ukumveka mpaka panjira.

Agogo anga, amayi awo a amayi, ndiwo anayamba kunyoza. Mwambo sunkawalola kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso, moti akakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Choncho ankalankhula ndi nkhuku. Ankaziwazira madeya pafupi ndi chigafa n'kumaziuza mokweza kuti zidye ndithu, poti pamudzi pano chakudya sichilira thukuta. Ena anawonjezera ndiwo. Munthu wogona masana, usiku amayenda kuti? Awa ankati amazembetsa feteleza ndi shuga pamalire, awo ankatsitsa mawu n'kutchula zotamba. Kusukulu anzanga ankandifunsa ngati bambo anga ndi kadzidzi. Zinkandiwawa zedi, koma kunyumba anatiletsa kuyankha.

Nthawi yomweyo amayi ankasintha tikuona. Ululu sunathe, koma unachepa mphamvu. Nkhope inadzaza, anayamba kuimba posankha fodya, ndipo tsiku lina ndinagwetsa mbale iwo n'kungoseka. Kangapo konse anafuna kuwauza anthu zoona, koma bambo ankakana. Ankadziwa pakamwa pa anthu a pamtondo: mayi wanji womwa mankhwala ogonetsa mwana akubanika? Ankati mwamuna akanyozedwa ulesi, mizere yake imamuyankhira mvula ikagwa, koma mkazi akatchedwa wosasamala mwana, dzinalo amafa nalo.

Nkhani itakula, amalume a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi amenenso anali mwini mbumba, anaitanitsa ankhoswe. Linali Lamulungu masana, anthu atabwera kutchalitchi, kamphepo kozizira kakuulutsa makoko a mtedza pabwalo. Amalume analankhula nthawi yaitali. Anati sangasiye mbumba yawo m'manja mwa munthu amene usiku wake sudziwika, ndipo ngati mkamwini watopa, njira ya kwawo akuidziwa. Ine ndinali nditakhala pambali pa amayi. Ndinamvetsa kuti bambo awoloka malire okha, ife titsala.

Bambo anayang'ana pansi, chipewa chili pabondo. "Ndamva, alamu."

Apo amayi anaimirira. Kwathu mkazi amalankhula ali chikhalire, koma chimene anthu anadabwa nacho si chimenecho. Anaimirira osagwira pansi, osagwira m'chiuno, zimene mudziwo unali usanaone kwa zaka.

"Achimwene, usiku wa bambo awa ndikuudziwa ndine. Ndimamwa mankhwala akuchipatala, ndimagona osamva kanthu, iwo amachezera kumvera chifuwa cha mwanayu. Tulo timene mumawaona nato masana nditimene anandipatsa ine. Wofuna kunyoza anyoze ine. Koma mukawathamangitsa, pakampandopo mudzakhale ndinu."

Amalume anatsokomola, anakanda m'mutu, kenaka anayamba kufunsa ankhoswe ngati kwawoko fodya wayenda bwino. Agogo anangokokera chitenje kukamwa. Bambo ndiwo anaoneka wamanyazi kuposa onse, ngati agwidwa akuba.

Mawa lake masana, bambo polowa m'chigafa anapeza mphasa yatsopano itayalidwa pamalo pa chiguduli chija. Chapatali pang'ono panali agogo, atafulatira monga mwa mwambo, kandodo kali m'manja. Nkhuku ikayandikira, ndodo. Mwana akadutsa akuimba, ndodo. Ngakhale amalume amene, atabwera kudzabwereka nkhwangwa, anauzidwa monong'ona kuti abwerenso dzuwa likapendeka, kuli munthu akugona. Agogo analondera choncho mpaka kunja kunatentha, chifuwa changa n'kumasuka. Mawu sanalankhulane ndi mkamwini wawo mpaka imfa, koma sindinaonepo anthu awiri olemekezana chotero.

Lero zinthu zinasintha. Mphumu yanga ndimayenda nayo ndi kamankhwala kopopera m'kamwa, kali m'chikwama. Akamwini amakono amagwirana chanza ndi apongozi, ena mpaka kutumizirana nthabwala pafoni, ndipo mwina nkhani ngati ija ikanatha tsiku limodzi. Mapiritsi a ululu ali ponseponse, wogulitsa tomato nayenso ali nawo, koma anthu odandaula msana ndi kusowa tulo sanachepe. Inenso makina osokera ayamba kundidya m'chiuno, ndipo ndikachezera usiku umodzi wokha, mawa lake makasitomala amandiona nkhope. Ndikaganiza kuti bambo anachita zimenezi nyengo yonse yozizira, akulimanso, akunyozedwanso, ndimawanyadira kwambiri.

Bambo atamwalira, abale awo anabwera kuchokera kutsidya kudzatenga maliro, monga zimakhalira ndi mkamwini. Amalume omwe aja, atakalamba, anagwada pamaso pawo kupempha kuti munthuyo agone kwathu, ndipo anagonadi kwathu.

Amayi tsopano ndimakhala nawo kuno ku boma. Timapiritsi tija amalandirabe, ndipo m'nyumba muno mulibe mwana wobanika woti amumvere. Komabe m'mawa ndimawapeza atakhala kale pakhonde, maso ali psuu. Tsiku lina ndinawafunsa ngati tipite kwa adokotala akawasinthire mankhwala. Anapukusa mutu, akusisita bondo.

"Tipita, mwanawe, koma mankhwalawa alibe mlandu. Kungoti kale ndinkatseka maso ndikudziwa kuti wina ali maso."