Fomu Yosowa Woisayina

Nditamaliza maphunziro a sayansi ya nyukiliya, ntchito yomwe ndinapeza inali yolozera anthu mipando pabwalo la mpira ku Wembley. Chaka chimenecho aphunzitsi athu anagwirizana ndi anzawo a kumwera kwa Africa kuti aphunzitsire pamodzi akatswiri opanga magetsi a nyukiliya. Dziko lililonse linapatsidwa malo amodzi, bola boma lake lisayine fomu.

Mnzanga wa ku Zambia anamusayinira msanga. Ine yanga ndinapatsira bambo ena achikulire a kutchalitchi kwathu ku Tottenham, omwe ankapita kumudzi ku Malawi koyamba chithawireni ndale. Positi sitinkaikhulupirira ife. Kalata yofunika inkayenda m'thumba la munthu.

Anabwerako patatha miyezi iwiri, fomu itakwinyika.

"Mwanawe, ndayenda mpaka nsapato kuperepeseka," anatero. "A zamagetsi akuti ndi nkhani ya migodi. A migodi akuti pitani kuchipatala, kuli makina ojambulira mafupa. Kuchipatala atangomva zoti nyukiliya, akuti za mabomba n'za asilikali. Uko ndiye sindinapondeko. Ndinathawapo kamodzi, zakwana."

Mtima unandiwira, koma ndikanakalipira ndani? Nkhalamba yomwe inathera tchuthi chake m'makonde a maofesi chifukwa cha ine? Ndinangoti, "Zikomo bambo, mwavutika."

Tsiku lotsekera mafomu linadutsa. Loweruka lotsatira ndinavala jekete yanga yachikasu n'kumalozera anthu pokhala, ndikudziwa kuti kwinakwake kuli mpando wa Malawi, ndipo palibe wondilozera.