Mawu a Pamphambano

Dziko likamadzalemba mayina a anthu amene anathandiza kudziwa zomwe zili pansi pa nyanja, langa lisadzasowe. Ndikunena izi modzichepetsa. Popanda ine, kafukufuku wa khungwa la dziko kuseri kwa zilumba zina zakutali akanachedwa, chifukwa ndine ndinayendetsa galimoto yokatula wofufuzayo ku bwalo la ndege.

Ine ndi wofufuzayo tinayambira limodzi maphunziro a miyala kunja kuno, ku South Bend m'chigawo cha Indiana, Amalawi awiri m'kalasi yonse. Ine ndinaona kuti miyala ikhoza kukhala bwinobwino popanda ine, aphunzitsi anagwirizana nane msanga, ndiye ndinadropa. Iye anapitiriza. Ankanditchula achimwene, ine ndinkati chemwali, ngakhale mtima wanga sunasainire nawo ubale umenewo.

Atasankhidwa kukakwera sitima ya kafukufuku, ndinadzipereka kumuperekeza mpaka ku bwalo la ndege la ku Indianapolis. Kwathu nkhani yeniyeni sikambidwa pakhonde. Mlendo mumacheza naye za mvula ndi matenda, kenako mumamunyamulira chikwama, ndipo pamphambano, pomwe woperekeza amabwerera, m'pamene mumati, "Komatu ndinali ndi mawu." Bambo anga anafunsira mayi anga chomwecho. Ndiye mawu anga ndinawasunga kuti ndikawatule pamphambano.

Msewu wonse, pakati pa minda ya chimanga yopanda ndi munthu mmodzi yemwe wogwira khasu, ndinkangomufunsa za ntchito.

"Mukafuna kugula chivwende mumatani, achimwene?" anandifunsa.

"Ndimafunsa mtengo, n'kuchisiya."

"Anthu enieni amachigogoda. Ifenso ndi chimodzimodzi, kungoti wogogoda ndi chivomezi."

Anafotokoza kuti kumeneko chigawo china cha dziko chikulowa pansi pa chinzake, ndipo kuseri kwa mzere wa zilumba, pansi pa nyanja pakukokeka, khungwa likupyapyala. Amaponya makina m'madzi, amamira mpaka pansi, n'kukhala miyezi akumvetsera. Kunjenjemera kwa chivomezi kumathamanga m'mwala wozizira koma kumachedwa m'mwala wotentha, ndipo kuchedwako n'komwe kumawauza makulidwe a khungwa ndi kutentha kwa mnofu wapansi pake.

"Nanga makinawo mumawavuula bwanji?"

"Timabwerera n'kuwaitana. Akamva sitima amataya chitsulo chowalemetsa, n'kuyandama okha."

"Onse?"

"Ena savomera." Anandiyang'ana. "Mwafunsa zonse, achimwene? Palibenso china?"

"Chilipo, koma tikafika."

Ku bwalo la ndege ndinaimika galimoto, n'kunyamula chikwama monga mwa mwambo. Atachekina, ndinayamba kufunafuna mphambano. Kuno mphambano yake ndi mzere wa zingwe, ndipo mzerewo umayenda. Ndinatsokomola, ndinaika manja kumbuyo, ndinati, "Komatu chemwali," pomwepo bambo wa yunifolomu anandipempha tikiti. Ndinalibe. Ine anandilozera kumbali, iye anamulozera kutsogolo. Ndinamuona komaliza atavula nsapato kuti achitetezo aziunike, imodzi ili m'mwamba akunditsanzika nayo, milomo yokha ikufunsa kuti, "Chiyani?" Mawu a pamphambano sanenedwa mokuwa. Ndinakuwa kuti, "Muyende bwino."

Pafoni sindinanene, poti nkhani zotere zimafuna nkhope. Ndinati ndidikira abwere. Atatsika sitima anamuitana ku yunivesite ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ku Indiana sanabwerenso.

Pano ndimakhala ku Lawrence, ndimasambitsa ndi kudyetsa okalamba. Chaka chatha ananditumizira chithunzi cha pepala loonetsa zomwe anapeza: khungwa lopyapyala pamwamba, pansi pake banga lalikulu lofiira pomwe chivomezi chinkachedwa. Analemba kuti, "Taonani achimwene, chivwende chapsa m'kati." Dzanja logwira pepalalo linali ndi mphete. Ndinayankha kuti sayansi yapita patsogolo kwambiri.

Chithunzicho ndimachiyang'anabe nthawi yopuma. Agogo ena amene ndimawasamalira anandifunsa ngati ndi mapu a kwathu, ine ndinavomera. Nthawi zina ndikamapita ku tchalitchi ndimadzipeza ndikuyankhanso funso lake lija, pakati pa minda ya chimanga, galimoto isanafike. Ndimayankha bwino ndithu, osatsokomola n'komwe.

Pa kafukufuku yenseyo, gawo langa linandidyera madola anayi, a malo oimikapo galimoto. Mafuta anathira yekha.