Aphunzitsi amene ankabisala kuseri kwa khoma

Aphunzitsi athu a Chingerezi ku Santhe sankadalira choko. Ankati mwana amene wasoka fodya kuchigafa m'mamawa, n'kubwera kusukulu manja akumata utomoni, ukamukhazika chete amangowodzera. Choncho timawu tija timaphatikidwa kumayambiriro kwa mawu a Chingerezi, monga un-, dis- ndi re-, tinkatiphunzira mochita kusewera. Akanena kuti tie, tinkamanga luzi. Akati untie, tinkamasula. Ankakonda kunena kuti kamawu kakang'ono kangathe kugwetsa zonse zimene mawu aakulu amanga.

Sewero limene tinkalikonda kwambiri linali la pakhomo. Tikakuwa kuti disappear, iwo ankatuluka n'kubisala kuseri kwa khoma, mimba yokha ikusuzumira, poti mimba anali nayo ndithu. Lamulo lawo linali lakuti sabwerera mpaka kalasi yonse itanena pamodzi kuti reappear, ndiko kuti aonekerenso. Ife tinkachedwa dala kuti dzuwa liwawambeko pang'ono.

Tsiku lina atangobisala, panja panaima galimoto ya boma. Tinamva amuna awiri akuwafunsa dzina mwaulemu kwambiri, kenako chitseko cha galimoto chikutsekedwa. Palibe amene anapita pawindo. Zaka zimenezo ngakhale mwana ankadziwa zinthu zimene sayenera kuona.

Mantha anatigwira. Mtsikana wina wa ku Kapelula, amene ankakhala kwa azakhali ake, ananena yekha motsitsa mawu.

"Reappear."

Palibe anamuthandiza. Belu litalira tinatuluka, ndipo kuseri kwa khoma kunali mapazi a nsapato okhaokha.

Chimene aphunzitsi athu analakwa sitinauzidwe. Ena ankanong'ona kuti anayankhula mosasamala pamsika, ena ankangoti tisiye zimenezo. Akazi awo anakweza katundu pangolo fodya asanathe kuuma. Mphunzitsi watsopano anatilembera timawu tonse tija pabolodi, mooneka bwino, ndipo mayeso tinakhoza.

Nanenso ndinadzakhala mphunzitsi wa Chingerezi, koma sewero lija sindinaliyesepo. Mtima umandipwetekabe. Un- ndi dis- ndimaphunzitsa bwinobwino. Ndikafika pa re-, ndimangozindikira kuti ndasiya kuyankhula, maso ali kukhomo, ndipo ana amacheuka kuti aone amene akubwera.