Zimene Sindinafunsidwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'masiku a Chitaganya, ndikuphunzira pa kasukulu kena kufupi ndi Feira. Makolo anga anamwalira ndili khanda, ndipo anandilera ndi ambuya. Sindinali mwana woyankhula. Ndinkakhala kumbuyo, kumangoona ndi kumva.

Tsiku lina aphunzitsi athu, a Njobvu, anatseka buku nati, "Lero tikupita ku Amereka." Anatitsogolera kudooko la Luangwa. Kumeneko anatifotokozera kuti kale Amereka anali madera khumi ndi atatu olamulidwa ndi mfumu ya ku Mangalande, ndipo anthu ake anakana msonkho wa tiyi chifukwa analibe wowayankhulira kumene malamulo ankapangidwa. Bwato lakale linasanduka sitima, masamba a masau m'madengu anasanduka tiyi.

"Lazaro, iwe ukhala mfumu," anatero. "Ntchito yake ndi kukhala patali osanena kanthu."

"Mfumu ya ming'alu kumapazi!" anakuwa mnzanga wina, onse naseka.

Ndinakhala pachulu, dzuwa likundiwotcha pamutu. Anzanga anakhuthulira tiyi m'madzi, anamenya nkhondo ya mapesi, kenaka anakhala pamthunzi kupanga boma lawo. Anakangana kwambiri, madera aang'ono akuopa kumezedwa ndi aakulu, mpaka anagwirizana malamulo nasankha mtsogoleri pokweza manja. Aphunzitsi anaima pafupi ndi chulu changa, maso ali pa masamba otengedwa ndi madzi. Ananong'ona okha kuti, "Nafenso tsiku lina." Amene anamva ndine ndekha.

Patapita milungu iwiri, kunabwera mzungu woyendera masukulu, ali ndi kapaso womumasulira. Nkhani ya kudooko inali itamufika. Anatiitana mmodzimmodzi kuseri kwa sukulu, ndipo aliyense ankangoti, "Tinkasewera chabe, bwana." Itafika nthawi yanga, anafunsa dzina langa, nadikira yankho akundiyang'ana m'maso. Panalibe munthu wamkulu amene anandimvetserapo chotero. Ndinalongosola phunziro lonse, osasiya ngakhale dengu limodzi. Iye anati ndine mwana wanzeru, natseka kabuku kake. Sindinafune kuti zithe. Ndiye ndinawonjezera mawu aja a pachulu.

Kapaso anandiyang'ana nthawi yaitali asanamasulire. Mzungu anatsegulanso kabuku, analemba, nandipatsa pensulo yofiira yatsopano.

Kunyumba ndinapeza ambuya akupala nsomba. Ndinawaonetsa pensulo n'kuwauza zonse monyadira.

"Mawu omalizawo, anakufunsa?"

"Iyayi, ambuya."

Sanandimenye, sanandikalipire. Anangopitiriza kupala nsomba, mamba akuthothokera pansi. Mpaka lero ndimalakalaka akanandikwapula.

Mwezi usanathe, a Njobvu anachotsedwa ntchito. Anali ndi ana anayi. Tsiku limene lole inabwera kudzawatenga, ambuya anakulunga nsomba zouma m'kansalu nati, "Kawapatse wekha, ndi manja ako." Ndinanyamula kansaluko n'kupita kunyumba ya aphunzitsi. Akazi awo anatembenukira kumbali atandiona. Aphunzitsi anatsitsa mtolo umene anasenza nalandira nsombazo ndi manja awiri, ngati zochokera kwa munthu wamkulu.

"Mfumu," anatero, "madera aja anali angati?"

"Khumi ndi atatu, aphunzitsi."

"Wakhoza. Usadzaiwale."

Ndinafuna kupepesa, koma pakamwa pamene panatseguka msanga kwa mlendo panakana kutseguka kwa iwo. Lole inanyamuka, fumbi linaphimba msewu, ndipo sindinawaonenso.

Pamene ifenso tinalandira dziko lathu, anthu anavina tsiku lonse, koma ine ndinkangoganiza za munthu amene anaziona kale ataima pafupi ndi chulu. Kwa zaka zambiri ndinkadzikhululukira kuti ndinali mwana, ndiponso kuti ndinanena zoona. Tsopano ndikudziwa kuti sanandiopseze, sanandikakamize. Ndinangofuna kuti wina anditche wanzeru kachiwiri. Pensulo ija ndikadali nayo, yosasongola.