Madzi a pamjigo m'bateriya

Bateriya ya galimoto yanga ndinkaisamala kuposa mmene ndinkadzisamalira ndekha. Mitu yake ndinkaitsuka ndi madzi otentha ikangoyamba kutuwa, kenaka n'kupaka girizi. Madzi akatsika ndinkathiramo a mvula okha, otchera m'beseni lapulasitiki. Kagalimotoko kanali kokalamba, konyamula nsomba zouma kuchokera kwathu ku Chiuta kupita ku Entre Lagos, koma sikanandigonekepo panjira.

Ndiye kunabwera ukwati kwa alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Anandipempha bateriya yoti aziimbira nyimbo. Ndikanakana bwanji, pomwe mchemwali wawo ndili naye m'nyumba, ali ndi pakati potopa? Ndinawapatsa, mtima ukuwawa.

Anaibweza tsiku lomwe mkazi wanga anayamba kumva m'mimba. Dzuwa lili paliwombo, azamba anatuluka m'nyumba nandiuza kuti mwana wagona mopingasa, tithamangire kuchipatala cha kutauni, ku vila. Ndinamanga bateriya msangamsanga. Kupotokola kiyi, kunangomveka kuti "tche". Kupotokolanso, zii.

Nditatsegula zivindikiro ndinapeza madzi ali tho, mpaka kukamwa.

"Alamu, mwathiramo chiyani umu?"

"Madzi a pamjigo," anayankha mosatekeseka. "Inayamba kufooka, ndiye ndati ndidzadzitse. Mbale yobwereka sabweza yopanda kanthu."

Mayo ine! Iwo ankaganiza kuti mphamvu yake ndi madziwo. Anaikama mpaka kuuma, n'kuimwetsa madzi amchere a pamjigo pathu, oti ngakhale sopo sachita thovu. Ndinawatukwana pamaso pa apongozi, mawu oti sindingawabwereze pano.

M'nyumbamo mkazi wanga anali atasiya kukuwa, akungobuula. Ndinaopa koopsa. Ndinathamangira kudooko kukaitana asodzi kuti adzakankhe galimoto kuti ilire. Koma kwathu ndi mchenga wokhawokha, matayala ankangotitimira. Ndinatsika, kukankha nawo, kukweranso, thukuta lili kamukamu. Ndinalira, ine munthu wamkulu, ndikuipempha bateriya ngati ikumva.

Alamu aja anatenga chikwanje. Anavula malaya, nayamba kudula mlaza n'kumayala pansi pa matayala. Tinakankha choncho pang'onopang'ono mpaka pamtunda pouma, pomwe galimoto inatsokomola n'kulira. Tinamugoneka mkazi wanga pamphasa kumbuyo, mutu uli pamiyendo pa azamba. Njira yonse sindinachotse phazi pamoto, kuopa kuti ikazima basi kwatha.

Tinafika dzuwa litapendeka. Galimoto ndinaisiya ikulira panja pa chipatala, ine ndili chilili pakhonde. Patapita nthawi namwino anatuluka nati mayiyo apulumuka, koma mwana ayi, tachedwa naye. Anali wamwamuna.

Namwinoyo anayang'ana kumene kunkachokera phokoso la galimotolo, kenaka anandiyang'ana ine.

"Ija ndi yanu, abambo? Anzanu amabwera nawo panjinga n'kufika nthawi yabwino. Nanga inu a galimoto munali kuti?"